Kukaona Cathedral of the Holy Cross ndi achinyamata 40: tiyambire pati?

Mayi wa ku Chilenje South

Muli bwanji nonse, akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru. Pa holide ya mu Ogasiti tikufuna kutenga achinyamata a mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia (RCZ) kukaona matchalitchi a mbiri muno mu Lusaka. Ana alipo 40, a zaka kuyambira 13 mpaka 18, ndipo akulu owaperekeza tilipo 5. Maso athu ali pa Cathedral of the Holy Cross ya Anglican, ija ili pamtunda mu Independence Avenue. Ambiri mwa anawa amangoiona pa TV kukakhala maliro a boma, ena amangoidutsa ali mu minibasi.

Kodi munthu amene si wa Anglican amaloledwa kulowa kukangoona? Tipemphe kwa yani, ndipo tsiku labwino ndi liti? Pali cholipira? Ana avale zotani? Mkatimo tiwaonetse chiyani, kuti usakhale ulendo wongoyang'ana kudenga n'kutuluka? Funso lomaliza ndi la ana eni ake: tchalitchi chakale kwambiri m'Zambia muno ndi chiti, nanga gulu ngati lathuli lingakafikeko?

Mkulu wa mpingo, Kabwata

Amayi, mwafunsa bwino. Kulowa mumaloledwa, palibe amene adzakufunseni za mpingo wanu pakhomo. Chofunika kuchisamala ndi kuchuluka kwanu. Anthu awiri kapena atatu angathe kufika pakati pa sabata, kupereka moni ku ofesi n'kupempha kuti aone mkati. Anthu 45 akangotulukira pageti osadziwitsa, mlonda sangawatsegulire, ndipo sakhala akulakwa, chifukwa chilolezo sichili m'manja mwake.

Lembani kalata, ndipo muilembere a Dean, osati a bishopu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Pa cathedral pali mpando wa bishopu, inde, koma woyang'anira nyumbayo tsiku ndi tsiku, mapemphero ake, maukwati, maliro ndi alendo omwe, ndi wansembe wotchedwa Dean. Kalata yolembera bishopu imayamba yazungulira ku ofesi ya dayosizi, ndipo pofika pa tebulo loyenera tsiku lanu limakhala litayandikira kale. Ilembedwe pa pepala la mpingo wanu, abusa asayine ndi kudinda. Munenemo tsiku limene mukufuna ndi lina lachiwiri ngati loyambalo latengedwa, ora lofika ndi lochoka, chiwerengero cha ana ndi akulu, zaka za anawo, nambala ya foni ya mtsogoleri mmodzi, kuti mukupempha munthu wokuonetsani malo, komanso kuti mudzafuna kujambula zithunzi. Ipite milungu iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike. Kaiperekeni pamanja, mutenge dzina la amene wailandira. Kutatsala tsiku limodzi imbaninso foni. Musaope kuti mukuvutitsa anthu: maliro sapangana ndi munthu, ndipo akagwera pa tsiku lanu, osuntha ndinu alendo.

Loweruka lisiyeni. Ndi la maukwati, kwaya, ndi amayi okonza maluwa a mawa lake. Lamulungu ndi la mapemphero, simungayendeyende mkatimo. Lolemba ansembe ambiri amapuma. Sankhani pakati pa Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo ine ndingati madzulo, kuyambira 14:00 mpaka 16:00. Chifukwa chake n'chakuti mapemphero a maliro mu Lusaka amachitika m'mawa, kuti anthu akaike ku Leopards Hill kapena ku Memorial Park dzuwa likadalipo, ndiye madzulo tchalitchi chimakhala chopanda anthu kawirikawiri. Lolemba loyamba la Ogasiti ndi Farmers' Day, maofesi amakhala otseka, musawerengere tsikulo popereka kalata.

Mwachita mwayi kuti ndi Ogasiti. Amene akuwerenga pano n'kumaganiza za miyezi ina ayang'ane kalendala ya mpingo. M'milungu iwiri yomaliza ya Lenti, matchalitchi ambiri a Anglican ndi a Katolika amaphimba mitanda ndi zithunzi ndi nsalu zofiirira, ndiye zimene mwabwerera kudzaona simuziona. Lachinayi Loyera usiku amavula guwa nsalu zonse, ndipo sabata yonseyo ansembe alibe mpata wa alendo. Pa 14 Seputembala ndi tsiku la Mtanda Woyera, chikondwerero cha cathedral imeneyi, labwino kukapemphera nawo koma osati kukayendera. Palinso masiku a dziko monga 12 Malichi, 25 Meyi ndi 24 Okutobala, pamene mbali zina za Independence Avenue zimatsekedwa chifukwa cha maperete ndi mwambo wa ku Freedom Statue.

Za ndalama: nyumba yopemphereramo mwambo wake ndi chopereka. Sonkhani kangachepe, muike mu envulopu yolembedwa dzina la mpingo wanu, mtsogoleri akapereke ku ofesi. Musamwaze ndalama pageti kapena m'manja mwa aliyense amene wakutsegulirani chitseko, mumamuika pa mlandu munthu wosalakwa.

Zovala zikhale zomwe amavala popita kumpingo kwanu. Atsikana masiketi ofika pansi pa mawondo, mapewa ophimba. Tengani zitenje zinayi kapena zisanu m'chikwama, sipalephera kupezeka wina amene sanamve. Anyamata avule zipewa pakhomo, duku la amayi likhale. Chingamu alavuliretu m'basi, chifukwa chimathera pansi pa mabenchi. Zakudya ndi zakumwa zitsale kunja. Funsiranitu za zimbudzi musanalowe, ana onse athane nazo, apo ayi ulendo wonse ukhala wotuluka ndi kulowa.

Mkatimo gawani magulu atatu a anthu 15. Nyumbayi ndi ya konkire, yayitali m'mwamba, ndipo mawu akagunda khoma amabwerera. Ana 40 akamanong'ona pamodzi zimamveka ngati pa Soweto Market, ndipo wofotokoza akakweza mawu kuti awapose, mawu ake omwe amasokonekera. Gulu laling'ono loima pafupi ndi iye ndilo limamva.

Yambirani pa chitsime cha ubatizo. Mwa mwambo wakale amachiika chakukhomo, kusonyeza kuti ubatizo ndiwo khomo lolowera mu mpingo. Kenako akhale pansi pa mabenchi apakati kwa mphindi ziwiri osalankhula, maso azolowere, ayang'ane mazenera a magalasi amitundumitundu aja. Mukatero afunseni funso ili: kwathu ku RCZ, chimene chili pakati kutsogolo n'chiyani? Adzati gome. Nanga muno? Guwa. Gome lili pambali, ndipo pali malo enanso owerengera Mawu. Phunziro lonse la kusiyana kwa mipingo lili pamenepo: a Reformed adaika ulaliki pakati, a Anglican ndi a Katolika adaika Mgonero pakati. Ana amagwira zimenezi msanga kuposa za m'buku.

Pamene masitepe okwera kuguwa ayambira, ndi pamene alendo amalekezera, pokhapokha wokuonetsaniyo atakuitanani yekha. Mpando wa bishopu auonere patali, wina asakhalepo kuti ajambulidwe. Mawu akuti cathedral adachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mpando, ndiye tchalitchi chimatchedwa dzinali chifukwa cha mpando umenewo, kukula kwa nyumba sikuwerengedwa. Mukaona kanyali koyaka kosazima pafupi ndi kabokosi kokhoma, ndiye kuti Mgonero wodalitsidwa ukusungidwa pamenepo. Eni ake amawerama kapena kugwada podutsa. Ana anu sakukakamizidwa kutero, koma adutse mwakachetechete. Limba, ng'oma ndi mamaikolofoni asagwire.

Zonsezi zimatenga mphindi 45 kapena ora limodzi. Ngati mukufuna kutsiriza ndi nyimbo ndi pemphero, pemphani kaye. Ndikhulupirira sadzakana, ndipo ana adzamva okha mmene nyumbayo imanyamulira mawu. Musaiwale kusayina m'buku la alendo.

Mphunzitsi wa mbiri, Matero

Akulu a ku Kabwata amaliza za khomo, ine ndigwire za mbiri.

Choyamba, amayi, ana asauzidwe kuti akukaona tchalitchi chakalekale. Adzakhumudwa. Mwala wa maziko adauika ndi Queen Elizabeth the Queen Mother mu 1957, ndipo nyumbayo idatsegulidwa mu 1962, kutatsala zaka ziwiri kuti tilandire ufulu. Agogo ambiri mumpingo mwanu ndi aakulu kuiposa. Lusaka yemwe adakhala likulu mu 1935, pamene boma lidasamuka ku Livingstone, ndiye musayembekeze nyumba za zaka mazana muno. Kulemera kwa Holy Cross kuli pa zimene zidachitikiramo.

Bishopu wa nthawi yomangayo anali Oliver Green-Wilkinson, amene adadzakhala arkibishopu wa Central Africa mu 1962 ndipo adamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1970. Mpingo wa Anglican udafika kuno kudzera mu bungwe la amishoni la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), lomwe lidabadwa David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857. Dayosizi ya Northern Rhodesia idakhazikitsidwa mu 1910, ndipo bishopu wake woyamba, John Hine, anali atakhalapo kale bishopu ku Likoma ndi ku Zanzibar. Mzu wa Anglican wa kuno udadzera kunyanja, ndi anthu olankhula chilankhulo chathu chomwechi.

Chimene ndingakonde kuti ana atuluke nacho ndi chaka cha 1991. Mu Julayi chaka chimenecho, chipani cholamula cha UNIP ndi chotsutsa cha MMD zitasemphana kwambiri pa za malamulo oyendetsera dziko, atsogoleri a mipingo adakhazika pansi Pulezidenti Kenneth Kaunda wa UNIP ndi Frederick Chiluba wa MMD pa cathedral imeneyi. Kukambiranako kudathandiza kutsegula njira ya chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, chimene chidasintha boma popanda nkhondo. Anansi athu a ku Mozambique anali pankhondo nthawi imeneyo. Patapita zaka 30, pa 7 Julayi 2021, mapemphero otsanzikana ndi Kaunda adachitikira momwemo asanakamuike ku Embassy Park. Afunseni ana: n'chifukwa chiyani anthu awiri osakhulupirirana adavomera kukumana m'tchalitchi, osati ku State House kapena ku hotela? Asiyeni akangane okha pa funsoli.

Auzeninso awerenge zikwangwani za pamakoma ndi mwala wa maziko, aliyense alembe dzina limodzi ndi chaka chimodzi m'kope. Mwana wopanda ntchito m'manja amathera pa foni.

Tsikulo mutha kulidzaza osayenda mtunda. Embassy Park ili mu Independence Avenue momwemo, moyang'anana ndi Cabinet Office, ndipo ndi manda a mapulezidenti akale, pamene padaikidwa Mwanawasa, Chiluba, Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda. Lusaka National Museum ili kumunsi, pafupi ndi Freedom Statue. Ndipo kwanu komweko kuli Chilenje House 394, m'mene Kaunda adakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Malo amenewa ndiwo ali ndi cholipira pakhomo, nzika zimalipira zochepa kuposa alendo akunja, ndiye akulu atenge zitupa za unzika, ma NRC, ndipo mulandire risiti. Yambani ndi amenewa m'mawa, cathedral madzulo.

Tsopano funso la ana. Tchalitchi chamiyala chakale kwambiri chimene chikadaimirira m'Zambia ndi cha Niamkolo, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, makilomita ochepa chabe kuchoka padoko la Mpulungu. Chidamangidwa ndi a London Missionary Society mu 1895 ndi 1896. Kamangidwe kake n'kofunika kukamvetsa: makoma ndi mizere iwiri ya miyala, yomatidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, pakati pake adathiramo zibuma za miyala, ndipo kukhuthala kwake ndi pafupifupi mita imodzi. Nsanja yake ndi yotalika mamita 15, ndipo oyenda pamadzi ankaigwiritsa ntchito ngati chizindikiro cholowera padoko. Amishoni adachokapo mu 1908 chifukwa cha matenda a kaodzera. Lero denga kulibe, atsala ndi makoma ndi nsanja, pansi pa National Heritage Conservation Commission. Wopitako asalole ana kukwera makoma kapena kulembapo maina, chifukwa khoma lomata ndi dothi, mwala umodzi ukagwedezeka mvula imalowa m'kati n'kuyamba kukokolola.

Koma Mpulungu ndi makilomita oposa 1,000 kuchoka muno, kudzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, Kasama ndi Mbala. Kwa ana 40 ndi masiku anayi kapena asanu. Kunena zoona, ine sindingayambire kumeneko. Inu a RCZ mbiri yanu ili kum'mawa. Mpingo wanu udayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, pa 5 Julayi 1899, ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State. Kudatsatira Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. Justo Mwale, amene dzina lake lili pa yunivesite ija ya ku Chamba Valley, adadzozedwa mu 1929 kukhala mbusa woyamba wakuda wa mpingowu. Mwana wa RCZ wodziwa Niamkolo koma wosadziwa Magwero, pali chimene chasowa.

Mayi wa ku Chilenje South

Zikomo kwambiri akulu, zikomo aphunzitsi. Kalata tilemba sabata ino. Mafunso awiri atsala. Ana onse adzafuna zithunzi, tichite bwanji kuti zisakhale chipwirikiti? China, makolo ena akuti bwanji tipite Lamulungu tikapemphere nawo, kenako tikaonenso cathedral ya Katolika. Nanga pa Mgonero ana athu achite chiyani?

Wojambula zithunzi, Kamwala

Amayi, sankhani ana atatu okha ojambula, mmodzi pa gulu lililonse, ena onse mafoni m'thumba ndipo akhale otseka mawu. Zithunzi mudzagawana pa WhatsApp madzulo. Mafoni 40 ali m'mwamba, palibe akumvera, ndipo chithunzi chilichonse chimatuluka ndi mikono ya anzake.

Flash izimitsidwe. Mphamvu ya flash ya foni imathera pa mamita awiri kapena atatu, ndiye imangowalitsa benchi ya patsogolo panu, kwina konse n'kuda. Pa magalasi amitundu imaononga kwambiri, chifukwa mtundu wa galasi umaoneka ndi kuwala kochokera kunja kudutsa m'galasimo. Mukaliwalitsa cha mkati limaoneka lotuwa ngati lafumbi.

Vuto lodziwika ndi ili: mumajambula zenera lokongola, pa foni n'kutuluka choyera mbee. Chimachititsa n'chakuti foni imayeza mdima wa makoma n'kuwonjezera kuwala, galasi n'kupserera. Mankhwala ake, gwirani pa sikirini pamene pali zeneralo, kakatuluka kachizindikiro ka dzuwa mukakokere pansi mpaka mitundu itabwerera. Makoma adzada, zilibe kanthu. Mukafuna zonse ziwiri, zenera ndi makoma, yatsani HDR, ija yolinganiza zowala ndi zakuda pa foni, ndipo musagwedezeke. Wokhala ndi kamera yeniyeni aike ISO pakati pa 100 ndi 400 pojambula galasi, f/8, ndipo achotse kuwala sitepe imodzi kapena ziwiri. Pojambula mkati monse akweze ISO kufika 800 kapena 1600, ndipo shutter isatsike pansi pa 1/60 ngati kamera ili m'manja, apo ayi chithunzi chichita chimbuuzi. Kutsamira zigongono pa msana wa benchi kumathandiza kwambiri. Tripod ndi magetsi ojambulira amafuna chilolezo chapadera, chifukwa eni ake amaona ngati mukujambula zamalonda.

Mukapendeketsa foni kuyang'ana kumwamba, mizati imaoneka ngati ikugwera mkati. Bwererani m'mbuyo mpaka kukhomo, imani pakati penipeni pa kanjira, foni ikhale chilili, kenako mudzadule zapansi zosafunika.

Kuwala kwabwino kumadalira mbali imene dzuwa lili. Mazenera oyang'ana kum'mawa amayaka m'mawa, a kumadzulo amayaka kuyambira cha m'ma 15:00. Muno mu Lusaka, miyezi yozizira dzuwa la masana limapendekera kumpoto, ndiye mbali ya kumpoto ndiyo imawala. Mu Ogasiti kumwamba kumakhala fumbi ndi utsi wa kutentha tchire, chithunzi chakunja thambo limatuluka lotuwa. Chithunzi cha gulu chijambulidwe panja pomaliza, dzuwa lili chakumbali kwa ana, asachite tsinya.

Ziwiri zofunika kuposa zonsezi. Munthu amene wagwada akupemphera sajambulidwa, ngakhale cha kumsana. Anthu ena amalowa masana atasenza zolemera, ndipo sanabwere kudzaoneka pa Facebook. Chachiwiri, dera limenelo ladzaza ndi nyumba za boma: makhoti, Cabinet Office, maofesi a akazembe, ndipo chakutsogolo kuli State House ndi malo a asilikali. Ana asaloze mafoni kumeneko ali m'basi kapena pamsewu, angalandidwe foni ndi kufunsidwa mafunso. Za drone musaziganizire n'komwe, zimafuna chilolezo cha Civil Aviation Authority.

Katekisiti, Chelstone

Mayi athu, maganizo a makolowo ndi abwino, koma muwasiyanitse maulendowo. Kupemphera nawo Lamulungu kumaonetsa ana nyumbayo ikugwira ntchito yake: mdipiti wa ansembe, lubani, kwaya, kugwada ndi kuimirira. Kuyendera ndi kufunsa mafunso ndi kwa pakati pa sabata. Mukaphatikiza, mudzapezeka mukuthamangitsana ndi anthu a mapemphero otsatira amene akufuna mabenchi. Mukasankha Lamulungu, dziwitsanibe ofesi kuti akusungireni malo, fikani mphindi 20 nthawi isanakwane, khalani chakumbuyo kuti muziona zimene eni ake akuchita, ndipo musatuluke mapemphero asanathe.

Pa Mgonero mipingo iwiriyi imasiyana, ndipo ana auzidwe ali kunyumba, osati ali pamzere. Ku Katolika, Ukaristia amalandira Akatolika okha amene adakonzekera. Wina aliyense atsale pampando, palibe amene adzamuyang'ane moipa. Ku Anglican, m'malo ambiri amalandira Mkhristu wobatizidwa amene amadya Mgonero kumpingo kwake, koma funsani a Dean m'kalata yomweyo, ndipo funsaninso abusa anu, poti ana ena a zaka 13 sanalowe n'komwe m'gulu la odya Mgonero kwanuko. Amene akufuna dalitso lokha amapita kutsogolo atapingasa manja pachifuwa. Cholakwika chimene chimapweteka eni ake kwambiri ndi mwana kutsatira mzere chifukwa cha manyazi, kulandira, n'kubwerera nacho m'manja kapena kuika m'thumba. Kwa Mkatolika chimenecho ndi Thupi la Ambuye. Safunsa adadya phula, ndiye nkhaniyi muikambe momveka.

Cathedral ya Katolika ndi ya Child Jesus, ku Pope Square, chakufupi ndi Longacres. Malowo adatchedwa choncho chifukwa Papa John Paul II adachitirapo Misa pamene adabwera mu Meyi 1989, ndipo tchalitchicho chidadalitsidwa mu 2006. Ndi chatsopano kuposa Holy Cross. Pamenepo padaikidwa Kadinala Medardo Mazombwe, amene adamwalira mu 2013, mwana wa kum'mawa yemwe adakhala bishopu wa Chipata zaka zambiri asanabwere ku Lusaka. Kalata yake mulembere wansembe woyang'anira cathedral.

Zina zoti ana adziwe m'tchalitchi cha Katolika. Madzi a pakhomo ndi odalitsidwa, ndi ochitira chizindikiro cha mtanda, si osamba m'manja. Tizipinda ta kulapa salowamo, ndipo ngati wina ali mkati saimapo pafupi. Zithunzi 14 zozungulira makoma ndi Njira ya Mtanda, zimawerengedwa motsatana kuyambira pa kuweruzidwa kwa Yesu mpaka kuikidwa m'manda, ndipo apatseni ana Baibulo afufuze kuti ndi ziti zili m'Mauthenga Abwino ndi ziti zidachokera ku mwambo wa mpingo. Mukapeza pa guwa paikidwa chotengera chowala ngati dzuwa, makandulo akuyaka, anthu atagwada chete, ndi nthawi yopembedza Ukaristia. Pamenepo kuyendera kwaima, khalani pansi kapena tulukani.

Aphunzitsi anena zoona kuti mumzinda mulibe zakale kwambiri, koma musaiwale Kasisi, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Mishoni imeneyo adaiyambitsa wansembe wa chiJesuit, Jules Torrend, zaka pafupifupi 30 Lusaka asanakhale likulu. Adam Kozłowiecki, amene adapulumuka ku ndende za a Nazi za Auschwitz ndi Dachau n'kudzakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka, adayambira ntchito kumeneko atafika mu 1946. Ndi ulendo wa theka la tsiku. Pali nyumba ya ana amasiye, ndiye chilolezo cha kumeneko ndi chapadera kwa masisitere, ndipo ana a kumeneko sajambulidwa.

Woyendetsa maulendo, Kaunda Square

Ndiwonjezereko za msewu, poti aphunzitsi aloza kum'mawa ndipo ndikugwirizana nawo.

Za mu Lusaka muno, anthu 45 salowa mu minibasi imodzi ya Rosa. Tengani ziwiri, kapena basi yaikulu imodzi. Onani ndi maso anu kuti road tax, fitness ndi inshuwalansi zili m'nthawi yake ndipo dalaivala ali ndi laisensi yonyamulira anthu ya PSV, chifukwa pa roadblock amene amachedwa ndinu. Tchulani basiyo m'kalata kuti akuuzeni poimika. Werengani ana pokwera paliponse, mkulu mmodzi akhale ndi maina a ana 8 ake.

Kum'mawa, Katete ndi makilomita pafupifupi 490, Chipata pafupifupi 570. Ndi ana werengerani maola 9 kapena 10. Nyamukani mbandakucha kuti mapiri ndi makhona a pakati pa Rufunsa, Luangwa Bridge ndi Nyimba muwadutse kukuwala. Pamenepo mabasi odzaza amapsa mabuleki, ndiye dalaivala atsike ndi giya yaing'ono. Pa mlatho wa Luangwa pali asilikali, mafoni pansi. Masiku atatu amakwana: loyamba kupita, lachiwiri Madzimoyo ndi Magwero, lachitatu kubwerera. Ku Magwero kuli masukulu a ana osaona ndi osamva, choncho kalata ipite kwa abusa a kumeneko ndi kwa akulu a sukulu.

Ngati mukufuna kulumikiza ndi zimene ana adzaone ku Holy Cross, kuli Msoro, m'chigwa kumpoto kwa Katete. Mishoni ya Anglican imeneyo adaiyambitsa ndi Leonard Kamungu, wansembe wachiChewa wochokera ku Nkhotakota, amene adamwalira komweko mu 1913. Cathedral ya St Luke ya dayosizi ya Eastern Zambia ili kumeneko. Njira yake ndi ya m'chigwa, ndiye nthawi yake ndi Juni mpaka Seputembala. Mu Okutobala kumatentha koopsa, ndipo mvula ikayamba mitsinje ya kumeneko imadzaza msanga. Basi yaikulu yotsika pansi isiyeni ku Katete, mupeze galimoto zokwera. Tengani madzi akumwa malita awiri kapena atatu pa munthu, maneti a udzudzu ngati mukugona, ndi mafuta odzaza thanki kuchokera ku Katete.

Ena adzakuuzani za St Peter's ya pa chilumba cha Likoma ku Malawi, yomangidwa kuyambira 1903 ndi kupatulidwa mu 1911, pamalo otchedwa Chipyela. Ndi yokongola zedi ndipo a Zambia safuna viza, koma mwana aliyense afunika pasipoti ndi kalata ya chilolezo ya makolo pa boda ya Mwami, ndipo sitima ya Ilala imazungulira nyanja kamodzi pa sabata, ndiye mukaiphonya mwawonjezera masiku ogona ndi chakudya cha anthu 45. Ulendo umenewo ndi wa akulu ochepa kaye, akaone njira ndi pogona. Kwa chaka chino pangani za mu Lusaka, ndipo mupemphe makolo ayambe kusonkha mwezi ndi mwezi za Magwero, kuti mu Epulo mvula ikatha mulembe makalata a ulendo wa Ogasiti wotsatira.